Masaka a Pazenera

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu panali mayi wojambula mafilimu. Filimu yake inali imodzi yomweyo, gawo ndi gawo: nkhani ya mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda nyumba, iye osabwezera. Ankaionetsa Loweruka m'kanyumba ka vidiyo, mazenera atatchingidwa ndi masaka kuti odutsa asaonere ulere. Oonera anali omwewo, akabaza ndi amayi ogulitsa tomato. Gawo likatha sankanyamuka msanga, ankatsala pa mabenchi kukangana ngati wamasiyeyo ndi m'bale wawo.

Tsiku lina kunabwera bwana wa mafilimu wa m'tauni. Anati, "Mayi, dziko lonse lingakuonereni, koma anthu sakonda zokhululuka. Wamasiyeyu atenge chikwanje, abwezere."

Tisanamizane, mayiyo anakopeka nawo mawuwo. Ndani safuna gulu? Zinkamupweteka kuona nkhope zomwezo chaka ndi chaka. Koma anakumbukira mayi wina wa tomato, wamasiye nayenso, amene anamugwirapo dzanja nati, "Alamu anga anandilanda munda, koma chifukwa cha filimu yanuyi ndinasiya kuwatemberera." Kupereka chikwanje kwa wamasiye wa m'filimu kunali kuchiperekanso kwa mayi ameneyu.

Wojambula uja anakana kwamtuwagalu. Bwana anakwera galimoto yake napita.

Koma mayiyo sanakhale pansi n'kumadzitama. Loweruka lotsatira anang'amba masaka onse aja, anatulutsa sipika panja, nawonjezera mabenchi. Oonera akale anayamba kung'ung'udza. "Filimu yathu ija yasanduka ya aliyense?"

Iye anati, "Senderani uko, mlendo akhale. Nkhani sindisintha, khomo sinditseka."

Odutsa ena anasuzumira, anaona kuti mulibe ndewu, napitirira. Ena anaima. Mwa oimawo munali mlamu uja wolanda munda. Mayi wa tomato anamuona, anayang'ana pansi kanthawi, kenaka anasendera namusiyira malo pa benchi.

Abale anga, mpingo umayesedwa pawiri. Pali yesero losintha Uthenga kuti tchalitchi lidzaze, kuchotsa mtanda chifukwa anthu akuti ndi wolemera. Palinso lathu lija ife akale, lokhoma masaka pazenera n'kumati Yesu ndi wathu tokha popeza tinayamba naye kalekale. Onse awiri tiwakane. Uthenga tisaukhudze, koma masaka ting'ambe. Ndipo amene adzasuzumire pazenera akadzakhala munthu amene anakulakwira, usadzayang'ane kumbali. Sendera.