Wa pa Chulu ndi wa pa Benchi

Panali amayi ena awiri a bere limodzi, ndipo onse ankakonda timu imodzi ya basiketibo, ya atsikana a m'tauni mwawo. Bwalo la timuyo linali kuseri kwa sukulu ya sekondale, la simenti yong'aluka apa ndi apo. Mbali ina kunali benchi yaitali. Mbali inayo kunali chulu chachikulu chimene anthu anachipondaponda mpaka pamwamba pake panasalala.

Wamng'ono ankakhala pa benchi, pafupi ndi osewera. Ankabwera ndi chigubu chothiramo timiyala, n'kumachigwedeza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mtsikana akagoletsa, iye ankalulutira. Akaphonya, ankalulutirabe. Ankanena kuti atsikanawa amafika pabwalo atatopa kale ndi sukulu ndiponso ntchito zapakhomo, ndipo owanyoza alipo okwanira ku timu inayo.

Wamkulu ankaima pa chulu. Kale anali woimbira masewera a netibo, ndipo diso lake silinkadumpha cholakwa. Akachiona ankakuwa, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kumsewu. Iye ankanena kuti kukonda timu si kuinamiza, ndipo wosewera amene sauzidwa zoona sakula.

Popita kubwalo ankayendera limodzi. Pobwerera ankakangana njira yonse, n'kukathetsera mkanganowo pa chiwaya, akudya tchipisi m'mbale imodzi.

Chaka china timu inalandira mtsikana wamtali, dzina lake Ndaziona. Anachokera ku netibo, kumene anasewera kuyambira ali ku pulayimale. Poponya, mkono wake unali wolondola. Koma potchinga zinthu sizinkayenda. Mdani akagwira mpira, Ndaziona ankakweza manja bwinobwino, komabe mpira unkamudutsa n'kukalowa. Timu inagonja masabata atatu otsatizana, ndipo zigoli zambiri zinadzera kwa iye. Kochi anaganiza kuti ndi mantha, namuuza kuti alimbe mtima. Mtsikanayo analimba mtima, koma zigoli zinkalowabe.

Loweruka lachitatu, wamkulu uja anakuwa ali pa chulu: "Chotsani mzati uwo. Tabwera kudzaonera mpira, osati mzati wa magetsi."

Anthu anaseka, ndipo dzinalo linamatirira. Pofika Lolemba, ngakhale ogulitsa nthochi pageti ankamutchula kuti Mzati.

Wamng'ono nayenso anali atakuwa tsiku lomwelo ali pa benchi: "Ukusewera bwino, Ndaziona. Usasinthe kanthu."

Lachiwiri masana, wamng'onoyo anakumana ndi Ndaziona panjira. Mtsikanayo ananyamula jumbo, ndipo m'jumbomo munali jezi ya timu, yochapa ndi yosita.

"Ukupita nayo kuti imeneyo?"

"Ndikukabweza kwa akochi, amayi. Ndasiya."

"Iwe mwanawe, chikhalirecho ukusewera bwino chonchi?"

Ndaziona anaseka pang'ono. "Amayi, inu ngakhale nditaponya mpira padenga la sukulu mukhoza kululutira. Ndikudziwa kuti ndikulakwitsa, koma sindikudziwa kuti ndikulakwitsa pati. A pa chulu aja akuti ndine mzati. Inu mukuti ndine katswiri. Nanga ndikonze chiyani?"

Mayiyo anangotambasula dzanja, nati, "Ndipatse ndikusungire mpaka mawa. Ukaweruka kusukulu undipeze pabwalo. Ukadzafunabe kuibweza, ndidzakuperekeza ndekha."

Anapita molunjika kwa mkulu wake, namupeza pakhonde akusankha nyemba. Anachotsa lichero n'kuika jezi ija pamiyendo pake.

"Akulu, mzati wanu uja wazuka. Mwini jeziyi akusiya mpira."

Wamkulu anaiyang'ana, nati, "Ine sindinanene kuti asiye. Ndimati akonze."

"Akonze chiyani? Tandiuzani ineyo, popeza pa benchi paja sindiona kanthu."

Wamkulu anatsika pakhonde n'kuima pabwalo la nyumba. "Taona. Mdani akangogwira mpira, mwana uja amabwerera m'mbuyo kaye, kenaka n'kukweza manja. Ku netibo lamulo limatero. Wotchinga ayenera kutalikira mapazi atatu, akayandikira timamuimbira wezulo. Ndinaimbira zimenezo zaka khumi ndi zisanu. Koma ku basiketibo lamulo limenelo kulibe. Miyendo yake ikumverabe lamulo lakale, mwini wake osadziwa. Uli pansi sungaone msanga. Uli pa chulu, mpata umene amasiya uja umaoneka ngati msewu."

"Munamuuza?"

"Loweruka lililonse ndimakuwa."

"Chimene mumakuwa ndi 'mzati'. Za mapazi atatuzi ndikuzimva lero, ine m'bale wanu."

"Nanga iwe, amene umamuuza kuti asasinthe kanthu?"

Anayang'anana. Kenaka wamkulu anati, "Ngakhale ndipite, sangandimvere. Akandiona panjira amakhotera kwina."

"Ine amandimwetulira," anatero wamng'ono. "Tipita tonse."

Tsiku lotsatira, dzuwa litapendeka, Ndaziona anapeza amayi awiri aja akumudikira. Wamkulu sanali pa chulu. Anali ataima pakati pa simenti, pamene phazi lake linali lisanapondepo chiyambire, nsapato atavula, chitenje atamanga zolimba.

"Mwanangu," anatero, "ndinakupatsa dzina loipa pamaso pa anthu. Ndinalakwa. Koma chilipo chimene ndinaona, ndipo ndabwera kudzakuonetsa."

Anapereka mpira kwa mng'ono wake kuti akhale mdani. Anatola khala, nalemba mzere pasimenti kumbuyo kwa zidendene za Ndaziona.

"Tchinga."

Ndaziona anakweza manja. Wamkulu anawerama n'kulemba mzere wachiwiri pamene zidendenezo zinali tsopano.

"Tayang'ana pansi."

Mizere inali iwiri, ndipo pakati pake panali mpata wokwana kugonekapo mwana. Anabwereza, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi. Ndaziona anayang'ana mizereyo, nayang'ana mapazi ake, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

"Masabata onsewa, nkhani yake n'imeneyi basi?"

"Imeneyi basi. Kuno palibe amene adzakuimbire wezulo chifukwa choyandikira. Yandikira mpaka umve fungo la mafuta amene wadzola."

Anayeserera mpaka mithunzi itatalika. Wamng'ono, amene anali asanagundepo mpira pansi chibadwire, analandidwa mpirawo kakhumi ndi kawiri, ndipo nthawi iliyonse ankalulutira amene wamulanda. Pomaliza anakhala pa benchi yake ali wefuwefu, natulutsa jezi m'jumbo.

"Ndikuperekeze kwa akochi?"

Ndaziona anailandira n'kuikoleka paphewa. "Ayi, amayi. Ndiona kaye Loweruka."

Loweruka linafika. Wamkulu anakwera pa chulu pake, wamng'ono anakhala pa benchi ndi chigubu chake. Masewera atangoyamba, mdani anagwira mpira pamaso pa Ndaziona, ndipo phazi la mtsikanayo linayamba kubwerera m'mbuyo monga mwa kale. Pa chulu panachokera mawu aja amene ankamveka mpaka kumsewu.

"Yandikira, Ndaziona!"

Phazi linabwerera kutsogolo. Dzanja lalitali linagunda mpira, mpirawo unathawira kubwalo la adani, ndipo Ndaziona anauthamangira, nautola, naulowetsa. Wamng'ono anagwedeza chigubu mwamphamvu mpaka chitsekero chinafwamphuka, timiyala tonse n'kumwazikira pasimenti. Woimbira anaimitsa masewera. Osewera a mbali zonse anagwada kutola timiyalato akuseka, ndipo wamkulu anatsika pa chulu kachiwiri sabata imeneyo kudzawathandiza.

Jezi ija sinabwererenso m'jumbo. Dzina la Mzati linafa lokha, chifukwa amene analiyambitsa sanalitchulenso.

Wamkulu sanasiye kukuwa, koma tsopano ankatchula dzina la wosewera ndi chinthu choti akonze. Wamng'ono sanasiye kululutira, koma nthawi zina ankamveka akuti, "Apo walakwitsa, mwanawe, koma dzuka." Ndipo pobwerera kwawo ankakanganabe, tsopano za amene anapulumutsa jezi ija, mpaka kukafika pa chiwaya.

Anzanga okonda masewera, ambiri mumandifunsa ngati n'koyenera kudzudzula osewera a timu yanu yomwe. Amayi awiriwa ndimawamvetsa onse. Wa pa chulu ankanena zoona kuti wosewera amafunika kuuzidwa cholakwa chake, koma chimene ankaponya chinali dzina lopweteka, ndipo mankhwala anawasiya kunyumba. Wa pa benchi ankanena zoona kuti wosewera wotopa amafunika womulimbitsa mtima, koma kuyamika kwake kunali kofanana tsiku labwino ndi loipa, choncho sikunkamuuza mwana uja kanthu. Akanapitiriza aliyense payekha, jezi ikanabwezedwa.

Tsono Loweruka likubwerali, musanatsegule pakamwa, dzifunseni ngati mawu anuwo ali ndi chinthu chimene wosewerayo angachite ndi mapazi kapena manja ake. Dzifunseninso ngati mungathe kutsika pa chulu, kuima naye pasimenti, n'kumuuza mawu omwewo akukuyang'anani m'maso. Ngati mungathe, kuwani ndithu, ndipo mumutchule dzina lake lenileni. Ngati simungathe, pemphani chigubu kwa mnzanu wa pa benchi mugwedeze kaye.