Kachipangizo kokulungidwa m'jumbo

Kudera la mapiri kunali mlimi wina wa mtedza, a Kachigamba, munthu wosamala zinthu mpaka kunyanya. Sofa wawo anali akadali m'pulasitiki yogulira. Mlendo akakhalapo ankangoti tereree, mpaka pansi!

Mwana wawo Mwatitha, wogwira ntchito ya sayansi m'tauni, anawabweretsera kachipangizo konga bokosi la machesi.

"Ababa, m'katimu muli timiyala tonga mchere, tokhala ndi timaenje tosaoneka ndi maso. Mpweya ukakhala wachinyezi, madzi amalowa m'timaenjemo n'kumapatsirana mphamvu ya magetsi, ngati anthu opatsirana njerwa pamzere. Ikadutsa, kagetsi kofiira kamayaka. Mukangoona kufiira, tulutsani mtedza muuyanike."

"Ndamva, mayi," anatero bambowo.

Anakapachika m'chipinda momwe munali matumba a mtedza wa mbewu, woti adzadzale mvula ikagwa. Mwatitha atangokwera basi, iwo anaima patsogolo pa kachipangizoko, manja m'chiuno.

"Chinthu chokongola chonchi chizidya fumbi? Mphemvu zizichitirapo msonkhano? Osati kwa Kachigamba!"

Anakakulunga m'jumbo yoonekera mkati, ina pamwamba, n'kumanga ndi mphira kuti ndi! ndi!

Chiperoni chinafika. Makoma anayamba kutuluka thukuta, ngakhale machesi ankakana kuyaka. M'mawa uliwonse a Kachigamba ankasuzumira m'jumbomo. Kagetsi kali zii.

"Koma fungo ili, bambo?" anafunsa akazi awo. "Bwanji tiuyanikeko?"

"Mayi a Mwatitha, mphuno yanuyo inapita ku yunivesite iti? Makina akuti zonse zili bwino."

Nthawi yodzala itakwana, anamasula thumba loyamba. Chuku chokhachokha, chobiriwira, cha ndevu kuposa mbuzi. Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka lomaliza.

Anatsitsa kachipangizo kaja kuti akabweze kwa Mwatitha, poti n'kabodza. Anadula mphira, n'kuchotsa majumbo. Asanafike n'komwe pakhomo, kagetsi kanati psuu m'manja mwawo. Anakhala pathumba, akukayang'ana. Kachipangizoko kanali konyezimira, kopanda ndi kafumbi komwe. Anzawo kunja anali akupita kumunda ndi mbewu pamutu.

Abale anga, aliyense wa ife ali naye womuchenjeza: mkazi, mwamuna, mnzake kapena mlangizi. Timamulemekeza ndithu, koma mpweya weniweni wa m'nyumba mwathu sitimulola kuupuma. Mukamam'bisira chinyezi, adzakuuzani tsiku ndi tsiku kuti zonse zili bwino, ndipo sadzakhala akunama. Mbewu yoolayo ndi yanu.