Nkhata Pagalimoto

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene ankagwira ntchito kutsidya kwa malire. Loweruka lililonse ankapita kwawo, koma ankadana ndi mzere wa pachipata ngati njoka. Akalawira, ankapeza mathiraki atagona pomwepo. Akadikira masana, ankapeza mabasi. Nthawi zonse ankafika kumudzi ali wokwiya.

Koma anaona chinthu chimodzi: galimoto yonyamula maliro siima pamzere.

Loweruka lina anagulira mkazi wake kabati yaitali. Anaigoneka kumbuyo kwa galimoto, naifunditsa lona. Atayandikira chipata, anamangirira nkhata ya maluwa kutsogolo, nayatsa nyali dzuwa likuswa mtengo.

Mzere unang'ambika pakati. Madalaivala anazimitsa mawailesi, abambo anavula zipewa. Phokoso lonse la pachipata linangoti zii. Mayi wina wogulitsa nthochi anasendera pawindo, manja kumbuyo.

"Pepani bambo. Watisiya ndani?"

Yotamu anachita mantha kutchula mkazi wake kapena mayi ake, kuopa kuwalodza ndi pakamwa. Anaganiza kuti dzina lake lomwe silingalakwire munthu.

"Yotamu, wa kwa Chimbalanga."

Anawoloka msanga, akudzitama ndi nzeru zake. Atakhota, anataya nkhata ija pathengo. Sanadziwe kuti mayi uja ali ndi mlamu wake kwa Chimbalanga, ndipo kuti uthenga wa maliro sudikira mzere. Foni ya Yotamu inali isanayambe kugwira mbali ino ya malire, moti onse omuimbira sankamupeza.

Atafika panjira yolowera kwawo, anapeza masamba atayalidwa pamsewu. Anamva nyimbo. Anadzifunsa kuti wamwalira ndani. Atatsika pakhomo pake, nyimbo inaduka pakati. Palibe anamuthamangira. Mkazi wake anamuyang'ana, nabisala kumbuyo kwa anzake.

Adzukulu anali atakumba kale. Mkulu wawo anayankhula maso ali pansi.

"Manda akakumbidwa sagona opanda kanthu."

Anadula thunthu la nthochi, nalikwirira m'malo mwake. Yotamu anaima pomwepo n'kumaona dothi likugwera m'dzenje lake.

Mpaka lero amabwerabe Loweruka. Amaima pamzere mwaulemu, ngakhale utalike bwanji. Kumudzi amamupatsa moni ali patali, ana akamuona amalowa m'nyumba. Kabati ija palibe anaikamo mbale. Ndipo mayi ake omubala, chiyambire tsiku limenelo, sanamuitanenso ndi dzina. Akafunsidwa amati dzinalo analilira kale.

Tsono inu abale anga, amene mumapsa mtima mzere ukatalika: kudikira ndi gawo la amoyo. Njira yopanda mzere ilipo, ndipo tonse tidzaidutsa, anthu atativulira zipewa. Musaibwereke tsiku lanu lisanafike.