Dzino Limene Telala Analisiya

Panali munthu wina, telala wa pakhonde la sitolo, amene anatchuka ndi ntchito imene sanaiphunzire. Kusoka kwake kunali kwa apo ndi apo, koma pozula ana mano ogwedera panalibe womuposa. Ankadula ulusi pamakina, n'kumanga dzino, n'kufunsa mwana dzina la galu wakwawo. Mwana asanayankhe, dzino lili m'manja, wathamanga kale kukaliponya padenga. Telalayo ankadzitama nazo, ndipo sindimunena, ankadziwadi.

Tsiku lina kunabwera mayi ndi mwana wake wamkazi, Mwandida, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayo anali atasiya kudya chifukwa cha ululu m'kamwa.

"Bambo, tachotsani dzinoli mwana adye," anatero mayiyo.

Telala anadula ulusi. Mwandida atayasamula, telala anaona nkhama zotupa, zikuchucha magazi popanda wozikhudza. Anayang'ana zikhatho za mwanayo, zili mbee. M'miyendo munali mikwingwirima, chonsecho mwana sanagwe, sanamenyedwe. Apa n'kuti anthu atadzaza pakhonde kudzaonerera.

Telala anakulunga ulusi uja n'kuubweza m'thumba.

"Mayi, ili sindiligwira. Vuto si dzino. Pitani naye kuchipatala lero lomwe akamuyeze magazi."

Mayiyo anapsa mtima. Oonerera anaseka, amvekere dzanja la mkuluyu layamba kunjenjemera. Telala zinamupweteka kwambiri, koma ulusi sunatulukenso.

Kuchipatala anapeza kuti Mwandida ali ndi khansa ya m'magazi. Dokotala anauza mayiyo kuti magazi a mwanayo sakanaundana msanga, ndipo thupi lake linalibe mphamvu zolimbana ndi tizilombo. Dzino likanazulidwa pakhonde paja, bala laling'onolo likanatha kumutenga.

Mwandida anayamba kulandira mankhwala. Patapita miyezi, dokotala wa mano anachotsa dzino lija, atayamba wamuyeza magazi. Mwanayo anabwera nalo m'kapepala kudzaonetsa telala asanaliponye padenga.

Inu amene mukundimvera, manja anu ndi odziwa, sindikukana. Koma mukaona nkhama za mwana zikutuluka magazi popanda chifukwa, mwana atatuwa, akufooka, musathamangire ulusi. Thamangirani kuchipatala, oseka aseke. Telala uja anazula mano osawerengeka, koma amayi ake a Mwandida mpaka lero amamuthokoza chifukwa cha limodzi limene analisiya.