Malata a Mkamwini

Kalekale, malata asanachuluke m'midzi ya ku Dedza, kunali mwamuna wina dzina lake Gedioni, amene ankakhala chikamwini kwa mkazi wake Nangondo. Nyumba yawo inali yaudzu, ndipo inkadontha moti kamwana kawo kanadwala chibayo zaka ziwiri zotsatizana. Apongozi ake sankamulankhula pamaso. Ankangouza nkhuku pabwalo, mokweza ndithu, kuti akamwini a anzawo amadziwa kufolera nyumba.

Gedioni zinamuwawa. Anapita kwa mayi Dolika, mayi wamasiye amene anali ndi golosale pamsika, n'kutenga malata makumi awiri pangongole, ati adzabweza akagulitsa fodya. Kunena zoona, khumi ndi awiri akanakwana, koma bamboyu ankafuna apongozi aone, ndiye anafolera ndi khonde lomwe. Udzu wakale anautentha anthu akuonerera.

Mu Januwale kunagwa matalala, fodya yense n'kusanduka nsanza. Aliyense anadziwa kuti chaka chimenecho Gedioni sagwira ndalama.

Mayi Dolika anabwera wapansi, n'kukhala pakhonde lija akulira. "Bambo Gedioni, malatawa nanenso ndinachita kukongola kusitolo ya kutauni. Eni ake amva za matalala, ndipo Lachisanu akubwera kudzakhoma loko pagolosale yanga. Ndili ndi ana anayi, munda ndilibe. Ngati ndalama palibe, zulani malatawo ndikabweze. Ngakhale ali ndi mabowo a misomali, mwina akandimvera chisoni."

Nangondo anatuluka, mwana akutsokomola kumbuyo kwake. "Mayi, chala changa ine sichinadinde pepala lanu. Nyumbayi ili padothi la amayi anga, ndi yanga ndi mwanayu. Udzu wofolera ndiupeza kuti mvula ili mkati chonchi? Wakutchire ukadali wauwisi. Mukazula dengali, mwanayu mundithandize kukumba manda ake."

Malume ake a Nangondo, a Chikuse, amene anali nkhoswe ya banjalo, anakokera Gedioni kuseri kwa nkhokwe. "Akamwini, mwambo mukuudziwa. Mwamuna akamachoka pamudzi pa mkazi amanyamula bulangete lake ndi ngongole zake, nyumba imatsala. Nenani pamaso pa anthu kuti banja latha ndipo inu mulibe kanthu, kenako muwoloke malire. Bodza palibepo, chifukwa pano chanu palibedi. Mayiyu adzasowa pogwira, mwana adzagona pouma."

"Ndiye mwana wanga akule ndi denga, koma bambo ake asadzawaonenso?" anafunsa Gedioni. "Nanga ana a mayiyu, amene anandikhulupirira pamene wina aliyense ankandiseka?"



Gedioni anazungulira midzi masiku atatu kufuna ganyu. Koma inali nthawi ya njala, ndipo opempha ganyu anali ambiri kuposa olemba. Anayesa kugulitsa khasu lake, anthu n'kumupatsa mtengo wa mbale imodzi ya chimanga. Ine ndimamumvera chisoni munthu ameneyu, ngakhale kuti khonde lija ndimamuda nalo.

Lachinayi masana mitambo inadetsa kumapiri. Mayi Dolika anafika ndi ngolo imene analipira ndi ndalama zawo zomaliza, n'kuima pamsewu. M'nyumba mwana ankabanika ndi chifuwa, Nangondo ataima pakhomo ngati chitseko. Gedioni anali pakati pa bwalo, hamala ili m'manja, bulangete lopindidwa lili pamapazi ake, madontho oyamba akugogoda padenga.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, musandiuze kuti akanapanda kukongola, chifukwa zimenezo nayenso akuzidziwa. Mvula yafika. Gedioni akwere padenga akazule misomali mwana wake ali pansi pake, kapena atole bulangete azipita, ana anayi a mayi Dolika awasiye pamsewu?