Nkhanga ndi mbewu yake ya chidede

Kalekale, nyama zikuyankhulabe ngati ine ndi inu, Nkhanga anakwatiwa chitengwa kumudzi kwa a Nguluwe. Kwawo anachokako ndi kanthu kamodzi kokha: mbewu ya chidede yomanga pakansanza, yomaliza imene inapulumuka chilala. Anaifesa kuseri kwa nyumba, ndipo chaka ndi chaka inkabereka zofiira kuti psuu.

Tsono mlamu wake wamkulu, Nguluwe, anali ndi nthenda yothamanga magazi. Mutu unkamuwomba ngati ng'oma. Akabwera akubuula, Nkhanga ankatapa chidede chimene anayanika pamthunzi, n'kuthirapo madzi owira, n'kuvundikira. Madzi akafiira ankasefa, kudonthezamo uchi kuti kuwawasa kuchepe, n'kupereka atagwada. Nguluwe ankagugudiza, mutu n'kuzizira, iye n'kupukuta pakamwa, uyo wapita. Zikomo? Palibe anamumvapo.

Kenaka mwamuna wa Nkhanga anamwalira. Atangometa maliro, Nguluwe anatulukira ndi chikwanje.

"Mlamu, takusudzulani. Longedzani muzipita kwanu. Apa ndidzalapo chinangwa."

Nkhanga anagwada. "Ndamva, alamu. Koma nthanga za chidede zikadali zanthete. Ndiloleni ziume kaye, nditengeko mbewu."

"Mbewu ya thengo? Musandiseketse."

M'mawa mwake Nkhanga anapitanso, nagwadanso. "Alamu, chinangwacho ndikulimirani ndekha. Kungoti nthanga ziume."

"Kodi mkazi wa chitengwa ali ndi munda pamudzi pano?"

Kachitatu Nkhanga anapita misozi ili chuchuchu. "Alamu, madzi ofiira aja mumamwa mutu ukakuvutani amachokera pamenepa. Mukatentha, mbewuyi sitidzaipezanso kwina."

Nguluwe anaseka mpaka mano onse kuonekera. "Mutu wanga? Unapola kalekale umenewo! Mwandimvapo ndikubuula chaka chino?"

Taonani kupusa kwake. Sanadzifunse n'komwe chimene chinkaupoletsa mutuwo.

Anatchetcha. Anaunjika. Zitafota anayatsa moto. Nkhanga anaima potero, akumva nthanga zikuphulika m'moto kuti thu! thu! Mtima unamuwawa kuposa tsiku la maliro. Anasenza kadengu ka chidede chouma chimene chinatsala, n'kubwerera kwawo.

Kutentha kwa chilimwe kutafika pachimake, kunamveka odi wofooka pakhomo pa Nkhanga. Anali Nguluwe, maso ali psuu, akudzandira.

"Mlamu wanga wabwino, mutu uja wayambiranso. Ndikufa ine."

"Lero ndakhalanso mlamu wabwino?" anafunsa Nkhanga.

Akanakhala ine, ndikanamutsekera chitseko. Koma Nkhanga anakoleza moto. Anakutumulira mumphika zonse zotsala m'kadengu muja, nathira madzi owira, navundikira, nasefa. Uchi sanathiremo. Kugwada sanagwade.

Nguluwe anamwa nkhope ili yokwinyika, napuma mpweya wautali. "Aaa, kwazizirako. Mawa ndibweranso."

Nkhanga anagadabuza kadengu, nakagogoda pansi. Sipanagwe kanthu.

"Chimenecho chinali chomaliza, alamu."

"Ndiye dzalani china msanga!"

"Ndidzale chiyani? Phulusa? Mawa mukamwe chinangwa chanu."

Nguluwe analowa m'tchire. Anafukula kudambo, osapeza. Anafukula kuphiri, osapeza. Anafukula pamunda pomwe anatentha paja, ndipo dzuwa lili paliwombo anagwa chafufumimba pakati pa chinangwa chake. Sanadzukenso.

Mukuganiza kuti Nkhanga anakondwera? Ayi ndithu. Imfa ya mlamu sinamubwezere kanthu. Mvula yoyamba itagwa, anathamangira pamunda paja. "Mwina kanthanga kamodzi kanabisala pansi," ankatero. Anapalasa apa, anapalasa apo. Panamera chisoso, panamera bonongwe. Chidede ayi.

N'chifukwa chake mpaka lero, tchire likapsa, mudzaona nkhanga ikupalasa palupsa, ikulira mosalekeza. Ikufunabe mbewu yake.

Tsono imvani, inu okonda kuthamangira za amasiye maliro asanazizire: wolanda amawononga ndi chimene chikumusunga moyo, ndipo chilango chake sichipukuta misozi ya wolandidwa.

Nthano yanga yapsera pomwepa, pamodzi ndi nthanga zija.