Mkamwini wa Mai Gwape

Padangotero, anzanga, koma musakanene kuti mwamva kwa ine. Chaka chimenecho mvula inakana, madzi anatsala pa dziwe limodzi lokha, ndipo Kambuku anasamukira pomwepo. Ukatuma mwana kukatunga madzi, umakangotola chikho chokha. M'mudzi wa nyama maliro sankatha, onse ankalankhula monong'ona ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Tsiku lina Sakhwi, kanyama konga mbewa kamphuno yaitali kaja, ludzu litamukwana, anapita kudziweko. Asanamwe n'komwe, phazi la Kambuku linali pamsana pake.

"Ndiwo zochepa, komabe ndi ndiwo," anatero Kambuku.

"Idyani, bwana, idyani," anayankha Sakhwi. "Kungoti madziwa andituma ndi a Chiswamapiri."

"Ndani ameneyo?"

Sakhwi nayenso sankamudziwa. Dzinalo linangomupulumuka mkamwa ndi mantha. Anaponya maso uku ndi uku, naona thanthwe limene mphenzi inang'amba kalekale.

"Mwaliona thanthwe ilo? Dzana anali ndi chimfine. Anangoyetsemula."

Kambuku analiyang'ana thanthwelo, nachotsa phazi pang'onopang'ono. Dzuwa lisanapendeke anali atasamukira kuphiri.

Nyani, amene anaonera zonse ali mumtengo, anaimwaza nkhaniyo mudzi wonse. Nyama zinamuunjirira Sakhwi: mpulumutsi wathuyo amakhala kuti? Iye analoza mphako ya mlambe. M'menemo anabisamo mtondo wobooka, ndipo akalankhuliramo mawu ankatuluka ngati bingu: "NDIKUFUNA ZIWALA ZOKAZINGA!" Ziwala zinkabwera malichero. Palibe anafunsa kuti chiphona chotere chimadyeranji chakudya cha Sakhwi. Mantha safunsa mafunso. Sakhwi ananenepa mpaka khosi linasowa.

Ndiye pali Mai Gwape. Amai aja safuna chabwino chigwere pakhomo pa mnzawo. Anamukokera Sakhwi kuseri.

"A Sakhwi, mwana wanga Nagama wakula. Chiphona chotere chizigona chokha? Inu mukhale ankhoswe."

Sakhwi akanakana. Koma atamva fungo la thobwa la ankhoswe, anavomera. Ukwati unachitika, nthungululu zinalira, mkwati osaoneka.

Pajatu mkamwini amayenera kuonekera pamudzi, kumanga nyumba ndi kulima munda wa apongozi. Mai Gwape anayamba kufunsa.

"Nanga mkamwini wangayu ali kuti?"

"Amai, mwaiwala mwambo? Mkamwini ndi apongozi sakumanizana maso. Atangomva mapazi anu, walowa patchire. Ulemu wake ndi umenewo."

Mai Gwape anatupa ndi kunyada.

"Nanga ine bwanji sindimuona?" anafunsa Mai Njiri.

"Inu si paja agogo anu ndi agogo a Mai Gwape anali pachibale? Ndinu apongozinso."

Posakhalitsa mudzi wonse unali apongozi, mpaka ndi Kamba yemwe. Chimene chinkamudabwitsa Sakhwi n'chakuti Nagama sankadandaula. Akafunsidwa za mwamuna wake, ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Musunge pamenepo, ndibwererapo.

Onse anasiya kubisala. Ana ankasewera padziwe, zitseko zili pululu. Koma pakamwa pa Nyani sipatsekeka, nkhani inakafika kuphiri.

Masana ena, anzanga, mbalame zinangoti zii. Mai Gwape akutula lichero la ziwala patsinde pa mlambe, Kambuku anatulukira m'udzu n'kuwagwetsa pansi, zikhadabo pakhosi. Ana anakuwa. Akulu anangoima pomwepo, kuthawa osatheka.

"Chiphona choopa apongozi!" anafuula Kambuku. "Apongozi akowo ndi awa ndawagwirawa. Tulukatu tione! Ukalephera, ndiyamba ndi iwowa, kenako ana onsewa."

Maso onse anagwera pa Sakhwi.

"Ankhoswe," analira Mai Gwape, mawu akutuluka movutikira, "kamuitaneni mkamwini wanga."

Sakhwi anayang'ana kumbali. Una wake unali pafupi, akanangolowa n'kuiwala zonse. Koma anaona magazi akuyenderera pakhosi pa Mai Gwape, naonanso tiana tija timene tinasiya kubisala chifukwa cha bodza lake.

"Mwambo ndi mwambo," anatero. "Apongozi nonse fulatirani, mutsinzine. Mai Gwape, inu mutsinzine zolimba. Wosuzumira, zake zimenezo."

Mudzi wonse unatsinzina. Kambuku anaseka, koma maso ake sanachoke pamphako paja.

Sakhwi analowa m'mphako, nakuwira mumtondo muja: "NDIKUBWERA!" Kenako anatulukira pa kabowo ka kuseri. Pamenepo panayanga chitedze, chija ukangochikhudza umadzikanda mpaka kutuluka magazi. Timanja ta Sakhwi tinganyamule chiyani? Anathyola chitedzecho ndi kamwa, ubweya wake ukumulowa m'mphuno ngati moto. Misozi ili chuchuchu, anazungulira m'udzu mpaka kumbuyo kwa Kambuku. Apo anaima. Msana wa Kambuku unali ngati phiri, ndipo miyendo inkamuuza kuti bwerera.

Anathamanga. Pamchira, pamsana, pakhosi, chitedze chonse m'khutu, fwaa! Nakuwira momwemo ndi mphamvu zake zonse: "NDAFIKA!"

Kambuku analumpha m'mwamba, nawataya Mai Gwape. Anayang'ana kumanja, palibe. Kumanzere, palibe. Koma m'mutu moto!

"Mayo! Wandilowa m'mutu! Sakuoneka! Pepani, achimwene!"

Anagubuduka, anadzikanda, anawombetsa mutu pamlambe, kenako liwiro. Mpaka lero sanabwererenso.

Nyama zitatsegula maso, zinapeza Sakhwi ali gada m'fumbi, mphuno itatupa ngati chinangwa.

"Ndine," anatero mofooka. "Chiswamapiri kulibe. Ndachita ndine."

Kunali phwete! Kamba anaseka mpaka kugudubuka.

"Iwe?" anakalipa Mai Gwape, akusisita khosi. "Kanthu kosakwana ndi m'dzanja momwe! Mkamwini wanga wandipulumutsa, iwe n'kumamuchitira nsanje? Unkhoswe watha lero!"

Tsiku lomwelo Nyani analengeza kuti a Chiswamapiri amusankha iye kukhala wa mthenga, ndipo kuti tsopano asiya ziwala, akufuna nthochi.

Za Nagama zija. Mvula itagwa anabereka mwana wamwamuna wonenepa bwino, akuti wa a Chiswamapiri. Mai Gwape amayenda naye khomo ndi khomo. Ine sindinena kanthu, koma mwanayo ali ndi timawanga toyera m'nthiti, ndendende Mbawala wa kutsidya uja, amene ankakonda kudzabwereka nkhwangwa.

Sakhwi yekha ndiye amadziwa zoona zake, koma angauze ndani? Mukakumana naye patchire mudzaona mphuno ikungogwedera. Ena amati n'chitedze chija sichinathe. Ine ndimati nkhani ikumuyabwa.